A Dzombe, aphunzitsi a m'kaseti

Uthenga wa maliro a aphunzitsi a Dzombe unatipeza kudimba tikuthirira kabichi. Anabwera nawo ndi bambo wina wa ku Matandani, amene anatsika panjinga, kuvula chipewa, n'kunena kuti aphunzitsi a m'kaseti aja atisiya m'mawa womwewo. Tinaika ndowa pansi. Mayi wina amene ndinali naye anayamba kulira, ndipo misozi isanaume n'komwe anandifunsa kuti, “Kodi eti anali aatali kapena aafupi?” Sanawaonepo. Anaphunzira kwa iwo zaka zingapo, chifuwa chawo ankachidziwa, ngakhale tambala wa pakhomo pawo ankamudziwa kaliridwe kake, koma nkhope ayi. M'mudzi mwathu monse, amene tinaonanapo nawo maso ndi maso tinali osakwana zala za dzanja limodzi.

Anali aafupi. Akuda bii, dazi lofika kunkhongo, makutu aakulu, ndipo miyendo inali yotupa ndi nyamakazi moti kuchoka pakhonde kukafika kuseri kwa nyumba unali ulendo wofuna ndodo ziwiri. Ndinene pano, maliro asatinamize: anali munthu wovuta. Pamaliro timakonda kunena kuti malemu anali wofatsa, wosayambana ndi munthu. A Dzombe akanamva wina akuwanenera zimenezo akanadzuka m'bokosi n'kumufunsa kuti umboni wake uli kuti. Anayambana ndi ahedi a sukulu ya kufupi ndi kwawo, anayambana ndi akulu a mpingo, anayambana ndi anthu a zipani zonse mosasankha, ndipo ine ndemwe ndinachoka pakhomo pawo kangapo nditalumbira kuti sindidzapondaponso. Mawu oti pepani ankatha kuwalemba bwino pabolodi, koma pakamwa pawo ndinawamva tsiku limodzi lokha. Amene anawachititsa kutulutsa mawuwo anali a Nambewe a m'mudzi mwathu, mayi wachikulire amene maso awo ankachita ng'ala, ndipo ankafuna chinthu chimodzi basi: kuona dzina lawo atalilemba okha, mdima usanawatsekere.

Zinayamba chaka chija boma latsopano linalengeza kuti sukulu ya pulayimale tsopano ndi yaulere. Ana anakhamukira kusukulu mpaka mitengo yonse ya pabwalo inasanduka makalasi. Akuluakulu nafenso tinasirira. Abambo ena andevu analimba mtima n'kukakhala pansi mu Sitandade wani, koma ana akawaseka masiku awiri atatu ankabwerera kumunda. Ife azimayi ndiye sitinayese n'komwe: mwana kumsana, wina m'manja, sukulu kutsidya kwa mitsinje. A Dzombe nthawi imeneyo anali atapuma kale pa ntchito ya uphunzitsi. Mwana wawo wa ku Blantyre anali atawatumizira wailesi yakaseti kuti azimvera nyimbo zauzimu, poti kutchalitchi sankatha kufikako. Iwo anatenga makaseti a makwayawo n'kuyamba kujambulapo a, e, i, o, u. Mkangano wawo ndi akulu a mpingo unachokera pamenepo, ndipo yankho lawo linali loti munthu wodziwa kuwerenga adziimbira yekha m'buku. N'chifukwa chake maphunziro athu ambiri ankatha modzidzimutsa. Aphunzitsi akangoti kwa lero basi, kwaya inkabuka pakatikati pa nyimbo.

Kachitidwe kake kanali kotere. Mbali imodzi ya kaseti ankayankhula iwo. Tikamvera, tinkatembenuza n'kujambula mayankho athu kuseri kwake, aliyense kutchula dzina, kuwerenga zimene wapatsidwa, ndi kunena chimene chikumuvuta. Kasetiyo inkatsika phiri ndi aliyense wopita kuchigayo kapena kumsika, koma kawirikawiri ndi ine, chifukwa mwana wanga Dalitso anali wodwaladwala ndipo njira ya kuchipatala cha ku Matandani inkadutsa pafupi ndi nyumba yawo. Midzi ina ya kumtunda nayo inali ndi magulu ake. Mabatire ndiwo ankatisautsa. Tinkawayanika padzuwa, kuwagogoda ndi mwala, ndipo pobweza kaseti tinkaipota ndi bolopeni kuti moto usathe msanga. Akafooka, mawu a aphunzitsi ankakoka ngati ng'ombe yodwala, ana n'kumagubuduka ndi phwete.

Pojambula ankavala jekete ndi tayi. Akazi awo, a Nangozo, ankawaseka kuti kodi kasetiyo ili ndi maso, iwo n'kuyankha kuti mawu a munthu wovala tayi amamveka kuti wavala tayi. Pakhomo ponse pankayenera kukhala bata, musi uime, ana a oyandikana nawo akasewerere kutali. Tambala yekha ndiye anakana kumvera, ndipo m'makaseti ambiri mumamveka aphunzitsi akumuopseza kuti Khirisimasi siimupeza. Makhirisimasi anadutsa, tambala ali gwa. Khutu lawo linali loopsa. Ankazindikira kuti uyu wanena zoloweza osayang'ana m'buku, uyu wanong'onezedwa ndi mnzake, uyu wabwera asanadye. Mnyamata wina anayesa kuyankhira mkulu wake posintha mawu, ndipo kaseti yotsatira inamuuza kuti akafuna kunamizira mkulu wakeyo ayambe waphunzira kupumira m'kamwa ngati iye. Khutu limenelo ankalikhulupirira mopitirira muyeso.

Gulu lathu linali la mibadwo itatu pamphasa imodzi. Panali ana amene makolo sankawalola kuwoloka mitsinje m'dzinja. Panali anyamata ndi abambo ofuna Chingerezi chokafunsira ntchito m'tauni, ndi masamu oti ogula manachesi asamawabere. Panali ife azimayi a ana aang'ono, ndipo panali achikulire. Anthu amenewa sayenda liwiro limodzi. Agogo akati bwezani sitinamve, mnyamata ankati mabatire atha, mwana ndiye watopa kalekale akusewera ndi nyerere. Tinakangana mpaka phokoso lathu linajambulika kuseri kwa kaseti, aphunzitsi n'kulimva. Kuyambira pamenepo chilichonse ankachinena katatu. Koyamba mothamanga, mwina ndi kanyimbo, n'kuwauza anawo kuti akasewere. Kachiwiri bwinobwino. Kachitatu ankayamba atsokomola, n'kumakoka liwu limodzilimodzi, ndipo achikulire akamva chifuwacho ankasendera pafupi. Ankakonda kunena kuti mwana amagwira msanga n'kutayanso msanga, pamene wamkulu amachedwa kugwira koma akagwira mpaka kumanda, choncho onse ndi ovuta mofanana ndipo palibe woti anyadire mnzake.

Koma anali ndi lamulo limodzi limene ankalikonda kwambiri, ndipo ndi limene linawagwetsa. Ankati m'kalasi mulibe agogo, mulibe amalume, mulibe apongozi, muli ophunzira basi. Aliyense pojambula atchule dzina lake la ubatizo lokha, popanda mfunda, popanda kufotokoza kuti ndine mkazi wa uje kapena ndili ndi zidzukulu zakuti. Ankati dziko lasintha, voti ya nkhalamba ndi ya mnyamata zikulemera chimodzimodzi, ndiye maulemu tiziwasiya panja ngati nsapato zamatope. Ife tinamvera, poti mphunzitsi wanena.

Wailesi ya m'mudzi mwathu inali ya a Jonasi, mkamwini wa a Nambewe. Anaigula atagulitsa manachesi, ndipo sankalola wina kukhudza mabatani ake. Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala pamodzi. Sayang'anizana, sadyera limodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. A Jonasi ankasunga mwambo umenewu kuposa aliyense; akangomva mawu a apongozi awo ankazungulira kuseri kwa nyumba ngakhale atasenza thumba. Ndiye kalasi yathu inakhala motere: wailesi pamtondo wovundikira pafupi ndi nkhokwe, a Jonasi ndi ife tonse mbali ino, a Nambewe kuseri kwa nkhokweyo okhaokha, khutu lili tcheru. Nthawi yawo yojambula ikakwana, a Jonasi ankadina batani, ndipo mdzukulu wa a Nambewe, Mphatso, ankanyamula wailesi n'kuzungulira nayo nkhokwe.

Tsiku loyamba, atauzidwa za lamulo lija, a Nambewe anati chapansipansi, “Ndine Esinati.” Dzina limenelo palibe anali atalimva m'mudzimo chimwalirire amuna awo. Ndipo mawu awo anali aang'ono, opyapyala, amanyazi, moti wongomva akanati ndi kamtsikana. Diso lawo lamanzere linali litayera kale. Lamanja linali likutsatira, ndipo kuchipatala anali atawauza mosabisa. Ankati chala chawo chadindidwa paliponse, pa chimanga cha nthawi ya chilala, pa ichi pa icho, koma dzina lawo sanalionepo likutuluka m'dzanja lawo. “Ndingoliona kamodzi,” ankatero, “kenaka kude, palibe kanthu.” Zimenezi ankatiuza ife. M'kaseti sanazinene, poti lamulo linali loti za moyo wako usiye panja. Ankangodandaula kuti pensulo ikuwaterereka ndipo mizere ya m'kope ikuwasokoneza.

Kaseti imene inaononga zinthu ndinakwera nayo phiri ndekha, ndili wosangalala. Tinasonkhana masana, ana ali mbwee. Aphunzitsi anayamikira uyu, kudzudzula uyo, kenaka anafika pa iwo.

“Iwe Esinati, tamvera kuno. Nthawi zonse pensulo, pensulo. Umenewo ndi ulesi, mtsikana iwe, manja ako akadali anthete. Jonasi, iwe mutu wako ukugwira. Ukhale naye pafupi mnzakoyo, umugwire dzanja, muzilembera limodzi mpaka dzanja lizolowere. Usachite naye manyazi, saluma ameneyo.”

Mayo ine! A Jonasi anadumpha atangomva zoti umugwire dzanja, koma dzanja lawo m'malo mozimitsa linapotoza kokwezera mawu, moti zoti saluma zija zinamveka mpaka kuchitsime. Munthu uja anathawa kusiya wailesi yake ikuyankhula yokha. Mwana mmodzi anaphulika nako kuseka, anzake onse n'kutsatira. A Nambewe anadzuka, kusasa chitenje, kuika pensulo ndi kope pamwala wa nkhokwe, n'kupita kwawo osacheuka. Pofika madzulo ana anali atapeka kale kanyimbo ka Esinati saluma. Tinawakwapula, koma kanyimbo sikakwapulika.

Nditatsika ndi kasetiyo ndinawapeza aphunzitsi pakhonde. Moni sindinamalize n'komwe.

“Aphunzitsi, mwalakwa.”

“Ine? Ndalakwa samu iti?”

“Esinati uja si mtsikana. Ndi a Nambewe, agogo a zidzukulu. A Jonasi ndi mkamwini wawo.”

Dazi lija linachita thukuta ine ndikuona. Koma m'malo mogwira pakamwa anatembenukira ine. “Nanga inu amake Dalitso, ndi pakamwa panu ponsepo, simunanene bwanji?”

“Si munatiletsa nokha, aphunzitsi?”

“Dzanja ndi dzanja basi! Choko sichidziwa chipongozi. Mukawauze abwerere m'kalasi, asiye zachikale.”

A Nangozo anali chapafupi akupeta. Anangoti, osatukula mutu, “Zachikale eti? Si inu munagwera m'chitedze pothawa amayi anga panjira ya kudambo, n'kumadzikanda sabata yonse?”

Aphunzitsi anati nkhani imeneyo ndi ina, ndipo anandiuza kuti ndizipita mwana angandidwalire panjira.

Kuuma mutu kumeneku sikunali kwachilendo kwa ife owadziwa. Anthu a chipani china anabwerapo ndi katoni ya mabatire, akuti aphunzitsi azingotchula dzina la chipani chawo kumapeto kwa phunziro. Iwo anawayankha kuti akuphunzitsa anthu kuwerenga kuti azidziwerengera okha mabodza a zipani zonse, ndipo katoniyo inabwerera, ife tikugogoda mabatire akufa ndi mwala. Ahedi atadandaula kuti makaseti akusokoneza ana, anawatumizira imodzi kuti aphunzitsi atsopano amene boma linawalemba ntchito mofulumira akaimvetsere, akuti nawonso ndi ophunzira. Ahediwo sanawapatsenso moni. Pa nkhani zimenezo mwina ankalondola, ndipo munthu wozolowera kulondola savomera msanga tsiku limene waphonya.

Pa nkhani ya a Nambewe anauma mutu nthawi yaitali, ndipo chimenechi ndimawakwiyira nacho mpaka lero, ali m'manda momwemo. Makaseti anapitiriza kubwera ngati palibe chachitika. Poitana mayina ankati Esinati, n'kusiya kampata, kenaka n'kupitirira. Kuseri kwa kaseti malo a Esinati ankabwerera opanda kanthu. Chimanga chimene chinali chofika m'mawondo chinakula mpaka kumasula, a Nambewe osayandikira nkhokwe ija. A Jonasi ankabwera ndi wailesi yawo mutu uli pansi ngati ndiwo analakwa. Achikulire ena anasiyanso, akuti ngati a Nambewe atchedwa mtsikana waulesi, ife titchedwa chiyani.

Chimene chinawathyola sichinali ukali wanga. M'mawa wina, ndikupereka kaseti popita kuchipatala, ndinangonena mongodutsa kuti dzulo lake a Nambewe anathira madzi pambali pa kapu, akuyesa akuthira m'kati.

“Chifukwa chiyani?”

“Maso, aphunzitsi. Limodzi linafa kale, linalo latsala pang'ono. N'chifukwa chake ankathamangira kulemba dzina.”

Chinthu chodziwika m'mudzi monse umaiwala kuti pali wina sakuchidziwa. Aphunzitsi anafunsanso.

“Ndiye mizere ya m'kope ija sankaiona?”

“Sankaiona.”

“Ine n'kumati ulesi.” Anatero chapansipansi, osati kwa ine. Kenaka anati ndidutsenso pobwerera.

Pobwererapo ndinakumana ndi a Nangozo panjira, atanyamula nkhuku yomanga miyendo, kaseti, ndi mabatire atsopano. Anati aphunzitsi alamula kuti ndisafike pakhomo, ndikwere phiri msanga, ndipo kasetiyo ikamveredwe pamalo omwe aja, ana onse amene anaseka alipo, mawu atakwezedwa mpaka pothera. Nkhuku ndi ya a Nambewe.

Tinasonkhana dzuwa litapendeka. A Nambewe nkhuku analandira koma kubwera anakana. Nyumba yawo sinali patali, ndipo anali pakhonde akusadzula nkhwani. A Jonasi anatsegula wailesi. Poyamba sipanamveke mawu a munthu. Tinamva mpando ukukhwekhwerezedwa, ndodo ikugwa, kubuula, kenaka a Nangozo akuti, “Mugwatu inu, gwirani nsanamirayo.” Chinthu cholemera chinafika pansi, khu! Ndiye kuwomba m'manja, pang'onopang'ono, kuja timawombera akuluakulu.

“Mayi, a Nambewe, ndine Dzombe. Ndagwada pano. Simukundiona, monganso ine sindinakuoneni, koma ndinayankhula ngati ndikuona. Ndinakunyozani pamaso pa ana, ndiye ndikupepesa pamaso pa ana omwewo. Pepani, mayi. A Jonasi, inunso pepani. Ana inu munaseka aja, sekanitu tsopano, nayu mkulu wadazi ali chogwada. Mayi, pansi pano sindichokapo mpaka mutandidzutsa ndinu.”

Kenaka kupuma kokha, kolemera, kaseti ikuzungulira. Palibe mwana anaseka. Ine misozi inangotsika ndipo sindinaibise. Titacheuka tinaona a Nambewe ataima pafupi ndi mtondo, mbali ino ya nkhokwe, masamba a nkhwani akadali m'manja.

“Dzukani, aphunzitsi,” anaiuza wailesiyo.

Kupuma kuja kunangopitirira.

“Agogo, sakukumvani,” anatero Mphatso. “Mpaka titembenuze tijambule.”

“Nanga mukudikira chiyani? Jambulani msanga, munthu angafere pansi ndi miyendo yotupayo!”

Wodziwa mabatani anali a Jonasi okha, ndipo apongozi awo anali ataima pomwepo. Munthu uja anabwera chobwerera m'mbuyo, nkhope ili kuphiri, n'kumapapasa ndi dzanja kumsana mpaka anatembenuza kaseti n'kupeza batani lofiira lija. A Nambewe anawerama n'kunena kuti, “Ndine Esinati. Dzukani, bambo, nkhani yatha. Koma ulesi ndilibe.” A Jonasi anatulutsa kasetiyo n'kutsika nayo phiri chothamanga. A Nangozo anandiuza pambuyo pake kuti mawondo atakana, aphunzitsi anangokhala pansi pomwepo. Mpando anaukana, chakudya anadyera pomwepo, mpaka a Jonasi anafika kuli kachisisira. Aphunzitsi anamvera mawu a a Nambewe kawiri, ndipo ndi a Jonasi omwewo amene anawagwira m'khwapa kuwabwezera pampando.

Lamulo lija linafa mwakachetechete. Sanalengeze kuti alichotsa, si a Dzombe amenewo. Tinangomva m'kaseti yotsatira akuti a Nambewe, a Jonasi, amake uje. Aliyense watsopano ankayenera kunena kuti ndi ndani wa yani m'gulumo, anabadwa nthawi ya chiyani, ndiponso ngati maso ndi makutu zili bwino. Ankati mphunzitsi wosaona ophunzira ake azifunsa ngati mlendo, osati kulamula ngati mwini khomo. Kwa a Nambewe anati pensulo aiiwale. Azilemba ndi chala pabwalo losesa, zilembo zikuluzikulu, Mphatso atawagwira dzanja, poti mdzukulu ndi agogo ake sathawana. Chilembo chilichonse ankachifotokoza ndi pakamwa: mzati woimirira, mapaso atatu opingasa, ameneyo ndi E. Kumapeto kwa kaseti iliyonse kunali kwa a Nambewe okha, ndipo anyamata sanadandaulenso za mabatire.

Koma nthawi ija inali itapita. A Nambewe anafika pa N akuona, nkhope itatsala pang'ono kugunda dothi. Pofika nthawi yokolola diso lamanja linatseka, dzina lili theka. Nditawauza aphunzitsi, anati ndiwo anaidya miyezi ija, ndipo palibe nkhuku ingaibweze. Sindinawatsutse, chifukwa zinali zoona.

Tonse tinkayesa kuti a Nambewe asiya. Sanasiye. Zilembo zotsalazo anaziphunzira mumdima, dzanja likuloweza lokha, ndipo tsiku lina anajambula kuti dzina lakwana. Aphunzitsi anayankha kuti iwo sachonga chinthu chongomva, abwere adzalembe pamaso pawo. Papepala a Nambewe sakanatha, dzanja linazolowera zilembo zazikulu, ndipo aphunzitsi phiri sakanalikwera. Anapangana kuti a Nambewe adzatsika mitsinje ikaphwa. Itaphwa a Nambewe anadwala chibayo, atachira mvula inayambanso, chaka chinacho kunali maliro a mchemwali wawo, basi zaka n'kumapita. Inasanduka nthabwala yawo. Aphunzitsi akati, “A Nambewe, ntchito yanga ija ili kuti?” iwo ankayankha kuti, “Ikubwera, inu musathamangire kufa.” Chaka chino anali atapangana kuti kukangofunda.

Ku maliro tinatsika mudzi wonse. A Nambewe anakakamira kuti apita nawo. Mphatso anawatsogolera ndi ndodo, a Jonasi anatsalira kumbuyo, ndipo pamtsinje anapempha anyamata awiri kuti awolotse apongozi awo iwo atayang'ana kumbali. Pa nthawi yoona nkhope mzere unali wautali, anthu a m'midzi ya kumtunda akusuzumira m'bokosi kuona koyamba munthu amene anawaphunzitsa kuwerenga. Ena ankadabwa mokweza kuti munthu wamng'ono chonchi, mawu onse aja ankachokera pati. A Nambewe pamzere sanaimepo. Anati kuona nkhope n'kwa amaso.

Titabwera kumanda, anthu akusamba m'manja, anandikoka chitenje.

“Amake Dalitso, ndiperekezeni pamene ankakhala akamayankhula.”

Ndinawafikitsa pakhonde. Mpando unali utatengedwa kuti akhalirepo alendo, ndipo pansi panali patafumbutuka ndi mapazi a anthu. Anagwada, kupapasa, kusalaza fumbi ndi chikhatho, n'kuyamba. Ankalemba pang'onopang'ono, milomo ikutchula: mzati, phaso, phaso, phaso. Anthu amene anali pafupi anasendera kudzaona. Atamaliza anasalazanso kamalo kena kutsogolo kwa dzinalo, n'kuwongoka.

“Lalembeka?”

“Lalembeka, mayi. Lonse.”

Anatembenuzira nkhope kukhoma. “Ndabwera nayo ntchito yanu ija, aphunzitsi. Chongani.”

Ndinadutsako sabata yatha. Mpando sunabwezedwe pakhonde. Pali timaenje pamene miyendo yake inadya dothi, ndi banga pakhoma pamene ankatsamira mutu. Wailesi anaitenga mwana wawo, makaseti ali m'katoni m'nyumba. A Nangozo amasesa bwalo lonse m'mawa uliwonse, koma mbali imeneyo ya khonde anaitchinga ndi mphasa yakale kuti nkhuku zisapalase, ndipo tsache silifikako. Mphepo yayamba kudya zilembo za m'mphepete, komabe dzina likuwerengeka. Kutsogolo kwake kuli kamalo kosalala kaja, koti aphunzitsi achongepo. Pa tonse amene tinaphunzira kwa iwo, palibe walimba mtima kuikapo chala.